Akakufunsani za m'nyumba mwanu pa entrevista ya ntchito, muyankhe bwanji?

Mwana wa achemwali anga anatsika ku Ulónguè pa chapa, minibasi ya m'bandakucha, envulopu ya khaki ili pachifuwa. Munali BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho), satifiketi ya kalasi 12, registo criminal (kalata yosonyeza ngati munthu anapezekapo ndi mlandu) ndi CV yomwe tinakonzera limodzi. Ankapita ku entrevista, mafunso olowera ntchito, kukayesa mwayi wa ntchito yolemba katundu m'nyumba yosungiramo zinthu pakampani ina mumzinda wa Tete, kuno ku Mozambique. Za kuwerenga katundu anazikonzekera, za kompyuta anazikonzekera. Funso lachitatu lomwe anamuponyera linali lakuti, "Uli ndi mwamuna? Nanga mimba ukuiganizira liti?"

Anaseka kaye mwamanyazi, kenako n'kuyamba kukhuthula zonse: kuti ali ndi chibwenzi, kuti akwawo kwa mnyamatayo abwera akakolola mbatata, kuti ana akufuna atatu. Madzulo atafika kwathu ku Matundo anangoponya envulopu pampando. "Amalume, ndawayankhiranji anthu aja? Za katundu sanandifunsenso n'komwe."

Malangizo awa ndikulembera anthu ngati iyeyu. Ndamvapo ena akunena kuti munthu akakufunsa zopanda pake ungonyamuka n'kutuluka. Kuyankhula n'kosavuta ukakhala kuti malipiro akukudikira kumapeto kwa mwezi. Wina ndalama ya chapa wachita kubwereka kuchokera ku Tsangano kapena ku Furancungo, wagona kwa achibale, waima pamzere padzuwa la ku Tete lija loposa madigiri 40 m'mwezi wa Novembala. Ameneyo safuna kutaya ntchito, komanso safuna kuvulidwa pamaso pa anthu. Njira yake ilipo, ndipo ndi imodzi: funso likalowa kuchipinda kwanu, inu litulutseni mulibweze kuntchito.

Choyamba: musananyamuke, dziwani pomwe lamulo linakuikirani mpanda

Simukuyenera kukhala loya, koma zinthu zochepa izi zikhale m'mutu.

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, a chaka cha 2004, pa ndime 35 amati nzika zonse n'zofanana posatengera khungu, mtundu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, komwe munthu anabadwira, chipembedzo, maphunziro, ngakhale mbali yomwe amakonda pa ndale. Ndime 36 imabwereza za kufanana kwa amuna ndi akazi, ndime 37 imateteza anthu olumala.

Lamulo la ntchito lomwe likugwira pano ndi Lei 13/2023. Linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, kulowa m'malo mwa lija la 2007. Pa nkhani yathuyi mfundo yake ndi yakuti wolemba ntchito sangakukakamizeni kuulula za moyo wanu wamseri, pokhapokha ngati mtundu wa ntchitoyo ukufunadi zimenezo, ndipo chifukwa chake akupatseni cholembedwa. Mawu akuti cholembedwa muwasunge, tidzawafuna kutsogoloku. Lamulo lomweli linakweza tchuthi cha mayi wobereka kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90, ndipo bambo amapatsidwa masiku 7. Ndikuganiza kuti apa m'pamene pagona mantha a mabwana ena akaona mtsikana wazaka 23 akulowa pakhomo: akuwerengera kale miyezi itatu ija.

Palinso Lei 19/2014, loteteza munthu, wantchito ndi wofunsira ntchito amene ali ndi HIV. Kukuyezani HIV ngati chiphaso cholowera ntchito n'koletsedwa.

Chachiwiri: si funso lililonse lowawa lomwe lili lolakwika

Apa achinyamata ambiri amasokoneza, ndiye amakwiya pamalo posayenera. Ku migodi ya malasha ya ku Moatize, yomwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 ndipo inapita m'manja mwa kampani ya Vulcan mu 2022, ntchito zambiri ndi za maturno, kusinthana usana ndi usiku. Akakufunsani ngati mungagwire usiku, Loweruka kapena Lamlungu, funso limenelo ndi la ntchito. Akakufunsani ngati mungakakhale ku Songo miyezi ingapo, kapena kuyenda m'midzi ya ku Macanga nyengo yogula fodya, ndi la ntchito. Kukupimitsani maso, makutu ndi chifuwa musanakwere makina aakulu sikulakwa ayi. Chokhacho, dokotala amayenera kuuza kampani kuti apto kapena inapto, kutanthauza kuti ntchitoyo muitha kapena simuitha. Dzina la matenda anu si lopita pa tebulo la abwana.

Muyeso wanga ndi uwu. Dzifunseni: yankho langa lisintha mmene ndigwirire ntchitoyi mawa m'mawa? "Mungadzuke 4 koloko?" likusintha. "Amuna anu akulolani?" silikusintha kanthu. Ndi funso lomwelija, koma lavala chitenje cha eni ake.

Chachitatu: m'chipindamo, pumani kaye, ndipo muyankhe mantha awo, osati funso lawo

Funso loipa likagwa, thupi limathamanga kuposa mutu. Ena amaseka, ena amayang'ana pansi, ena pakamwa pamangotseguka. Tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa uyankhe, ndiye chete wa masekondi atatu amaoneka ngati mwano. Si mwano. Kokani mpweya, konzani mapepala anu pamwendo, kenako yankhulani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zambiri kumbuyo kwa funsolo kuli nkhawa ya ntchito yomwe wofunsayo walephera kuiika bwino. Ipezeni nkhawayo, muiyankhe.

Akati, "Muli pabanja? Ana alipo angati?" nkhawa yawo ndi kujomba ndi kuchedwa. Inu nenani kuti: "Abwana, za kunyumba ndinazikonza kale. Nthawi yolowera ndi yowerukira ndiisunga, ndipo komwe ndinkagwira kale mukhoza kufunsa za kabweredwe kanga." Simunanene kuti muli pabanja, simunanene kuti mulibe. Mwapita pomwe iwo amafuna kufika, koma modzera njira yanu.

Akati, "Mimba mukuiganizira liti?" nenani kuti: "Pakali pano maganizo anga ali pa ntchitoyi. Ndikufuna ndiiphunzire ndi kukhalitsa." Mukangotero, ponyani funso lanu msanga, monga lakuti katundu amalembedwa m'kaundula kapena pakompyuta. Munthu wofunsidwa za ntchito yake amakonda kufotokoza, ndipo nkhani ya mimba imafera pomwepo.

Tsopano funso lomwe ife a kumalire timalidziwa bwino. Ine linandipeza ndekha zaka zapitazo, pa ofesi ina yomwe sindiitchula. Ndinali nditangoyankha mafunso awiri, bambo wina amene anakhala pakati n'kutsamira kumbuyo, cholembera chili pakamwa. "Chipwitikizi chanuchi chikumveka cha ku Malawi. Ndinu wa kuno inu?" Anzake anaseka. Ine magazi anathamanga, n'kuyamba kulongosola mbiri yonse ya banja lathu, mudzi wa agogo, chaka chomwe tinathawa, chaka chomwe tinabwerera. Ndinatuluka ngati munthu amene wapalamula mlandu wobadwa.

Aliyense wa ku Angónia, Tsangano kapena Zóbuè akudziwa mmene zinakhalira. Pa nkhondo yapachiweniweni ija yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ana ambiri anabadwira ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza. Ena sukulu anayambira komweko. Mpaka lero pamsewu wa ku Lizulu, ukaima mbali imodzi uli ku Malawi, ukawoloka phula uli ku Mozambique, ndipo maukwati ndi maliro sayang'ana mzere umenewo. Kuti lilime lanu limakoka Chichewa pomwe mumzinda ambiri amayankhula Chinyungwe, si umboni wa chilichonse.

Komabe apa mvetsani bwino. Kampani ili ndi ufulu wofuna kudziwa ngati ndinu nzika, chifukwa kulemba ntchito mlendo kuli ndi malamulo ake ndi chiwerengero chake. Funso limenelo limayankhidwa ndi pepala, osati ndi mbiri ya agogo. Ndikanadziwa, ndikanangotulutsa BI n'kuiika patebulo: "Ndine nzika ya Mozambique, abwana, BI yanga ndi iyi. Chichewa ndimachidziwa bwino, ndipo chingakuthandizeni pokambirana ndi alimi a ku Angónia kapena madalaivala odzera pa Zóbuè ndi pa Calómuè." Chomwe amafuna kukunyozani nacho mwachisandutsa katundu wogulitsa. Ndipo si bodza: malole a ku Malawi amadutsa pamilatho ya pa Zambezi tsiku ndi tsiku, munthu womva Chipwitikizi ndi Chichewa pamodzi ndi wofunika. Kwa amene anaphunzira tsidya lija, satifiketi ya MSCE ipezereni equivalência, kalata yoifananitsa ndi ya kuno, ku unduna wa maphunziro musanayambe kuyenda nayo m'maofesi, kuti pasakhale pogwira.

Za chipani. Chichokereni chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 ndi zomwe zinatsatira, anthu amayang'anana ndi diso lina. Wina akhoza kufunsa mosapsatira kuti muli ndi khadi la chipani chiti, wina mozungulira: "Masiku a zionetsero aja munali kuti?" Musayese kulota chipani cha wofunsayo kuti mumusangalatse, mungagwe m'dzenje lokumba nokha. Nenani kuti: "Ndale ndimazisiya kunyumba, abwana. Kuntchito ndimagwira ndi aliyense." Bwerezani mawu omwewo akafunsanso. Voti ndi yachinsinsi, ndipo imakhalabe yachinsinsi ngakhale pamaso pa wokupatsani ntchito.

Za chipembedzo n'zachidule. Kaya ndinu Mkatolika, wa Reformada, Msilamu, kapena kwanu ndi kudambwe, si nkhani ya kampani. Koma ngati pali tsiku lomwe simugwira ntchito, monga a Sabata pa Loweruka, litchuleni nokha pamene akukamba za maola, ndipo bwerani ndi yankho lake: mungagwire Lamlungu m'malo mwake. Kubisa zimenezi n'kudzakangana ndi kapitawo sabata yoyamba.

Za HIV ndi matenda. Ena safunsa molunjika. Amati, "Mwaonda bwanji, mumadwaladwala?" kapena "Pali mankhwala omwe mumamwa tsiku lililonse?" Yankho: "Thanzi langa likundilola kugwira ntchitoyi. Ngati pali kupimidwa komwe kampani imafuna, ndipita kwa dokotala." Yankho limeneli aliyense aliphunzire, amene ali ndi kachilombo ndi amene alibe. Ngati okana kuyankha ali okhawo omwe ali nako, ndiye kuti kukanako kwasanduka kuulula. Kwa munthu wolumala, nkhani ikhale pa mmene mudzagwirire ntchitoyo ndi zomwe mudzafune kuti muigwire bwino. Mmene munalumalira si ngongole yoti mubweze kwa munthu aliyense wachidwi.

Chachinayi: akaumirira

Ena ukawazembetsa kamodzi amazindikira, mwina amachitanso manyazi. Ena amabwerera pomwepo: "Sunandiyankhe. Uli ndi mwamuna kapena ayi?"

Apa kwerani sitepe imodzi, mawu ali pansi, nkhope ili bwino. "Pepani abwana, ndithandizeni kumvetsa. Zimenezi zikukhudzana bwanji ndi ntchitoyi?" Kenako khalani chete. Mpira uli kwa iwo. Ngati pali chifukwa chenicheni achinena, ndipo inu muyankha chifukwacho. Ngati akuti ndi lamulo la kampani, kumbukani mawu aja: "Ngati ndi choncho, mundipatse cholembedwa, ndiyankha." Wofunsa zachibwana salemba papepala.

Akaumirirabe, kanani poyera koma mwaulemu: "Zimenezo ndi za moyo wanga wamseri, ndikupempha ndisaziyankhe. Za ntchito funsani chilichonse." Musawerenge ndime za malamulo ngati muli m'khoti, komanso musaopseze kuti mukawanenera. Mukatero entrevista yathera pomwepo, ndipo mwina pagulupo panali munthu wina amene amakukondani.

Chinthu chimodzi ndimakaniza: bodza. Kukana kuyankha ndi ufulu wanu, kunama ndi chingwe chomwe mwawapatsa nokha. Mukanena kuti mulibe ana pomwe muli nawo awiri, tsiku lomwe mwana adzagonekedwe m'chipatala mudzasowa poyambira. Ndipo ngati mwaona kuti kuyankha sikukupwetekani, mwasankha nokha kunena kuti muli pabanja, palibe cholakwa. Nkhani ndi yakuti musankhe ndinu, osati mantha.

Chachisanu: pamene funso lasanduka malonda

Pali zina zomwe sizifuna luso la mayankho. "Tikumane madzulo tikambirane bwino za ntchito yako." "Nambala yako ya WhatsApp ndiisunga ndekha." "Mtsikana wokongola ngati iwe sungavutike." Kapena kwa anyamata: "Nanga refresco ya a chefe?" kutanthauza chiphuphu cha abwana. Wina amachita kukuimbira foni kuti dzina lanu latuluka pamndandanda, mutumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kuti malo asungidwe.

Apa palibe nkhawa ya ntchito yoti muifufuze. Nenani kuti za ntchito mumakambira mu ofesi nthawi ya ntchito, tengani envulopu yanu, tsanzikani. Musapite kumalo komwe wakuitanirani, ngakhale atati ndi pa lesitilanti ya anthu ambiri. Ntchito yogula ndi thupi kapena ndi ndalama, mwini wake amabweranso kudzatolera mwezi ndi mwezi. Ndipo woimba foni wofuna ndalama uja kawirikawiri sagwira n'komwe pakampani yomwe akutchulayo. Mauthenga ake musafufute.

Chachisanu ndi chimodzi: mukatuluka, lembani musanakwere chapa

Khalani pamthunzi, tsegulani foni kapena kope. Lembani tsiku, nthawi, malo, anthu analipo angati ndi maudindo awo, ndi mawu enieni omwe ananenedwa, m'chinenero chomwe ananenera. Pofika mawa mutu udzakhala utawonjezera zina n'kuchotsa zina. Sungani chithunzi cha chilengezo cha ntchitoyo ndi uthenga womwe anakuitanirani. Kujambula mawu mobisa sindikulimbikitsa, kungakutembenukireni kukhala mlandu wanu.

Kenako ganizani ngati mukufuna kudandaula. Ndinene zoona: kutsimikiza kuti anakumanani ntchito chifukwa cha funso lija n'kovuta, popeza adzangoti panali wina wokhoza kuposa inu. Koma dandaulo silipita pachabe. Kampani zikuluzikulu zimakhala ndi ofesi ya recursos humanos, yoona za antchito, ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo nthawi zina wofunsa uja amachita zake zomwe akuluakulu ake sakuzidziwa. Kunja kwa kampani kuli Inspecção-Geral do Trabalho, omwe ntchito yawo ndi kuona ngati olemba ntchito akutsata lamulo, ndipo ku Tete aliko. Ngati mulibe ndalama ya loya, bungwe la boma la IPAJ limathandiza ulere anthu osowa pa nkhani za malamulo. Ngati ntchitoyo munaipeza kudzera ku INEP, bungwe la boma lothandiza anthu kupeza ntchito, auzeni zomwe mwakumana nazo, chifukwa mawa atumizako wina. Za ziphuphu ndi za kufuna thupi, pitani ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, kapena kupolisi, mauthenga aja ali m'manja. Mukapita kulikonse, dandaulo likhale lolemba, makope awiri, imodzi akudindireni mubwerere nayo.

Nanga akakuitanani kuti mwapambana? Kumbukani kuti entrevista ndi tsiku lomwe kampani imavala zovala zake zabwino. Ngati anakufunsani za mimba n'kusiya mutawazembetsa, mwina ndi chizolowezi chabe cha munthu mmodzi. Ngati anaumirira mpaka kukwiya, mwaona kale mmene adzachitire tsiku lomwe mudzapemphe masiku 90 aja. Mukhoza kuilandirabe ntchitoyo, njala siyembekeza, koma lowani maso ali otsegula, kontirakiti ikhale yolemba, ndipo tsimikizani kuti akulembetsani ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chitetezo cha antchito.

Chomwe ndasiyira kumapeto ndi chomwe chinamuthandiza kwambiri mwana wa achemwali anga. Mayankho onsewa ndawalemba m'Chichewa, koma m'chipinda muja mudzayankhula Chipwitikizi, ndipo munthu akachita mantha chinenero cha kusukulu ndicho chimayamba kuthawa. Choncho yesererani pakamwa, mokweza, ndi munthu wina. Ife tinakhala pakhonde usiku kutentha kutachepa, ine ndikukhala bwana wamwano, iye akuyankha. Ulendo woyamba anaseka. Wachiwiri anayamba bwino n'kuthera pa nkhani ya chibwenzi chija. Tinabwereza mpaka ziganizo ziwiri zinakhazikika pa lilime: "Estou disponível para o horário da empresa," kutanthauza kuti maola a kampani ndiwakwanitsa, ndi "Prefiro falar sobre o trabalho," kutanthauza kuti ndikadakonda tikambe za ntchito. Azakhali ake anatulukira ndi madzi akumwa n'kumufunsa mwadzidzidzi kuti, "Iwe, ukwati uja ndi liti?" Iye osaphethira n'komwe: "Prefiro falar sobre o trabalho."